Kuyesa Chisipanishi ndi Kuyesa Chikhalidwe cha Eniake: Mayeso a DELE, SIELE ndi CCSE

1. Chiyambi

Kuyambira mu Okutobala 2015, mlendo wa zaka 18 kapena kuposerapo amene afuna unzika wa dziko la Spain kaamba kakuti wakhala m'dzikomo nthaŵi yaitali ayenera kupambana mayeso aŵiri. Oyamba ndi a chiyankhulo, otchedwa DELE, ndipo woyesedwa ayenera kufika pa mlingo wa A2 kapena woposa pamenepo. Achiŵiri ndi a CCSE, amene amafunsa za malamulo oyendetsera dziko ndi za chikhalidwe cha anthu a m'dzikomo. Mayeso onse aŵiri ali m'manja mwa bungwe limodzi, la Instituto Cervantes, limene boma la Spain linakhazikitsa mu 1991 kuti liziphunzitsa Chisipanishi ndi kudziŵitsa maiko ena chikhalidwe cha eni chiyankhulocho. Popeza mayesoŵa amalembedwa ndi munthu mmodzi yemweyo pa cholinga chimodzi chomwecho, atipatsa mpata wabwino woyerekeza ntchito ziŵiri zimene kaŵirikaŵiri zimatchulidwira pamodzi ngati kuti ndi ntchito imodzi: kuyesa luso la munthu pa chiyankhulo, ndi kuyesa kudziŵa kwake chikhalidwe.

Mfundo yathu m'pepala lino ndi imodzi. Akatswiri oyesa Chisipanishi, atalimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zoposa 30, apeza njira yomveka yoyesera chiyankhulo chimene chili ndi eniake m'maiko ambiri. Koma chimene chimatchedwa kuyesa chikhalidwe chikadali, kwakukulukulu, kuyesa zimene munthu waloŵeza pamtima. Tifuna kusonyeza chifukwa chake zili chotero, ndi kuti mbali ya chikhalidwe imene ingathe kuyesedwa moona imapezeka m'kati mwa chiyankhulo momwemo. Nkhaniyi siyongokambirana m'kalasi ayi, pakuti zotsatira za mayeso otere zimatsegulira munthu khomo la unzika, la ntchito ndi la maphunziro, kapena kumutsekera.

2. Chiyankhulo chimodzi, eniake ambiri

Anthu amene anayamwira Chisipanishi alipo pafupifupi 500 miliyoni, ndipo ndi chiyankhulo cha boma m'maiko 20 kuphatikizapo chilumba cha Puerto Rico pamwamba pake. Dziko la Mexico lokha linali ndi anthu 126 miliyoni pa kalembera wa 2020, pamene dziko la Spain, kumene chiyankhulochi chinachokera, linali ndi anthu pafupifupi 48 miliyoni mu 2023. Ndiye kuti mwa eni chiyankhulo 10 alionse, wa ku Spain sakwana ndi mmodzi yemwe. Ku United States anthu oposa 40 miliyoni amayankhula Chisipanishi pakhomo pawo, ndipo mu Africa muno ndi chiyankhulo cha boma ku Equatorial Guinea, dziko limene linalandira ufulu kuchokera kwa Spain mu 1968.

Kufalikira kotereku kwadzetsa kusiyana kumene woyesa sangakulambalale, pakuti kumayambira pa mawu amene wophunzira amakumana nawo sabata loyamba. Taonani zitsanzo izi:

(1) a. tú tienes: ku Madrid ndi mumzinda wa Mexico
b. vos tenés: ku Buenos Aires ndi ku Montevideo
'iwe uli ndi'

(2) a. vosotros tenéis: ku Madrid, poyankhula ndi anzako
b. ustedes tienen: ku America konse
'inu nonse muli ndi'

(3) a. hoy he comido temprano: ku Madrid
b. hoy comí temprano: m'madera ambiri a ku America
'lero ndadya msanga'

Mu (1) ndi (2) mloŵam'malo wasintha ndipo mneni wasintha naye. Mu (3) nthaŵi ya mneni ndiyo yasiyana. Katchulidwe nakonso nkosiyana. Munthu wa ku Madrid amasiyanitsa casa 'nyumba' ndi caza 'ulenje', poika lilime pakati pa mano potchula liwu lachiŵirili, pamene ku America konse, ku zilumba za Canary ndi m'madera ena a kumwera kwa Spain mawu aŵiriŵa amamveka chimodzimodzi. Galimoto ndi coche ku Spain, carro ku Colombia, auto ku Argentina. Liwu lakuti guagua limatanthauza basi ku Cuba, koma ku Chile ndi ku Ecuador limatanthauza khanda. Mneni coger, amene ku Spain amangotanthauza kutenga chinthu kapena kukwera basi, ku Argentina ndi ku Mexico ndi liwu lolaula.

Kwa nthaŵi yaitali yankho la funso lakuti cholondola nchiti linkachokera ku Madrid, ku bungwe la Real Academia Española, limene linakhazikitsidwa mu 1713. Mu 1951, pa msonkhano wa ku Mexico, mabungwe a chiyankhulochi a m'maiko osiyanasiyana anapanga mgwirizano wawo, umene lero uli ndi mabungwe 23. La ku Equatorial Guinea linaloŵamo mu 2016. Mabuku akuluakulu a malamulo a chiyankhulo, monga Diccionario panhispánico de dudas la 2005 ndi Nueva gramática de la lengua española la 2009, anatuluka m'dzina la mabungwe onse pamodzi, ndipo amavomereza kuti kayankhulidwe ka anthu ophunzira a ku Buenos Aires nkolondola mofanana ndi ka anthu ophunzira a ku Madrid. Tsono ngati eni chiyankhulo avomereza (1a) ndi (1b) zonse ziŵiri, woyesa sangachonge chimodzi nkuthetha chinzake.

3. Chimene mayeso a chiyankhulo amayesa

Mayeso alionse amaweruzidwa pa zinthu ziŵiri. Choyamba, ayenera kuyesa chimene akunena kuti akuyesa, osati chinthu china choyandikana nacho. Chachiŵiri, zotsatira zake zisamasinthesinthe malinga ndi tsiku, malo kapena wochonga. Zinthu ziŵirizi zimakokana. Funso losankha yankho limodzi mwa atatu limachongeka mofanana kulikonse, koma limangotiuza pang'ono za mmene munthu angadzithandizire pamsika. Kucheza naye pamaso kumatiuza zambiri, koma oyesa aŵiri angathe kumpatsa malikisi osiyana.

Robert Lado, m'buku lake la 1961 lotchedwa Language Testing, anatsamira mbali ya kuchongeka mofanana: analangiza kuti chiyankhulo chigaŵidwe m'tizigawo ting'onoting'ono, monga katchulidwe ka liwu limodzi kapena lamulo limodzi la mneni, ndipo kachigawo kalikonse kayesedwe pakokha. Maganizo anasintha Dell Hymes atatsindika mu 1972 kuti kudziŵa chiyankhulo nkudziŵanso choyenera kunena, kwa yani, liti ndi motani. Michael Canale ndi Merrill Swain mu 1980 anaika maganizo ameneŵa m'dongosolo lothandiza aphunzitsi ndi oyesa. Mu 2001 bungwe la Council of Europe linatulutsa ndondomeko imene yafala koposa, yogaŵa luso la chiyankhulo m'milingo 6: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Mlingo uliwonse umafotokozedwa ndi zimene munthu angathe kuchita. Wa pa A2, mwachitsanzo, amamva ziganizo zofala zokhudza banja lake, kugula zinthu, dera limene akukhala ndi ntchito yake, ndipo amatha kufunsa ndi kuyankha pa nkhani zapafupi za tsiku ndi tsiku.

Kusinthaku nkofunika pa nkhani yathu. Funso likakhala lakuti kodi munthuyu angathe kupempha tsiku loonana ndi dokotala, sipakhalanso chifukwa chofunsira ngati wanena tienes kapena tenés. Chofunika nchakuti wamveka, ndipo wayankhula moyenera malo ndi munthu amene akuyankhula naye.

4. Njira zitatu zoyesera Chisipanishi

Madipuloma a DELE anakhazikitsidwa ndi lamulo la boma la Spain mu 1988. Lero amaperekedwa ndi Instituto Cervantes m'dzina la unduna wa zamaphunziro, ndipo yunivesite ya Salamanca yakhala ikuthandiza pokonza ndi kuchonga mayeso ake. Woyesedwa amasankha yekha mlingo umene afuna kulemba, ndipo zotsatira ndi ziŵiri zokha: apto, wakhoza, kapena no apto, walephera. Pa A2 pali mapepala anayi: kuŵerenga, kumvetsera, kulemba ndi kuyankhula. Kuŵerenga ndi kulemba zimaphatikizidwa kukhala gulu limodzi la malikisi 50, kumvetsera ndi kuyankhula gulu lina la malikisi 50, ndipo munthu ayenera kupeza 30 m'gulu lililonse. Chotero wodziŵa kuyankhula bwino sangabise nako kulephera kulemba. Pa mayeso oyankhula pamakhala oyesa aŵiri, wina wocheza ndi woyesedwayo, wina wongomvetsera ndi kupereka malikisi pa mbali zosiyanasiyana, monga kulumikizana kwa mfundo, kusadodoma, kulondola kwa malamulo ndi kuchuluka kwa mawu. Dipulomayo ilibe tsiku lothera.

Pa nkhani ya kusiyana kwa kayankhulidwe, lamulo la DELE lili ndi mbali ziŵiri. Pa zimene woyesedwa amalemba ndi kuyankhula, kayankhulidwe kalikonse kamene anthu ophunzira ambiri a dera lina amakavomereza nkololedwa, malinga akatsatire mosasinthasintha. Pa zimene amaŵerenga ndi kumvetsera, makamaka pa milingo yapamwamba, amakumana ndi mawu a anthu a m'maiko osiyanasiyana. Mwachidule, munthu ayankhule kumodzi koma amve kwambiri. Lamuloli likufanana ndi zimene eni chiyankhulo amachita okha: wa ku Lima sasintha mayankhulidwe ake akafika ku Sevilla, koma amamva zimene akuuzidwa.

Dziko la Argentina linatsata njira yake. Mu 2004 mayunivesite a boma a kumeneko anayambitsa mayeso a CELU. Pa mayeso ameneŵa palibe mafunso apadera a galamala. Woyesedwa amamvetsera ndi kuŵerenga nkhani, kenaka amalemba kapena kuyankhula kanthu kochokera pa nkhaniyo, monga kalata kapena lipoti. Onse amalemba mayeso amodzi, ndipo wokhoza amapatsidwa satifiketi ya mlingo wapakati kapena wapamwamba. Kukhalapo kwa CELU nkokha ndi umboni wakuti maiko a ku America sanafune kuti ulamuliro wonse wopereka masatifiketi ukhale ku Spain.

Njira yachitatu ndi SIELE, imene inayamba kugwira ntchito mu 2016. Eni ake ndi mabungwe anayi: Instituto Cervantes, yunivesite ya Salamanca, yunivesite ya UNAM ya ku Mexico ndi yunivesite ya Buenos Aires. Mayeso ake amalembedwa pakompyuta, ndipo palibe kukhoza kapena kulephera: pepala lililonse mwa anayi lili ndi malikisi 250, onse pamodzi 1,000, ndipo malikisiwo amasonyeza mlingo umene munthu wafika pa luso lililonse. Satifiketi yake imagwira ntchito zaka 5, chifukwa luso la chiyankhulo limakula kapena kuzilala. Mayeso alionse a SIELE amakonzedwa dala kuti mukhale kayankhulidwe ka madera angapo.

Njira zitatuzi zikusiyana pa kayendetsedwe, koma zagwirizana pa mfundo yaikulu. Palibe imene imauza wophunzira wa ku Brazil, amene anaphunzira Chisipanishi kwa anansi ake a ku Uruguay, kuti vos tenés nkulakwa.

5. Kuyesa chikhalidwe

Vuto la chikhalidwe analiona kale Lado yemweyo m'buku lake la 1957, Linguistics Across Cultures. Chitsanzo chake chinali mwambo wolimbana ndi nkhunzi m'bwalo. Iye anasonyeza kuti woonerera wa ku Spain ndi mlendo wa ku United States amaona chinthu chimodzi koma amachimva mosiyana: woyamba amaona luso la munthu likugonjetsa mphamvu za chilombo, wachiŵiri amaona munthu wa zida akupha nyama yosatha kudziteteza. Anasonyezanso kuti kusiyanitsa munthu ndi nyama kuli m'mawu momwe, pakuti Chisipanishi chimatcha miyendo ya munthu piernas ndi ya nyama patas. Phunziro lake linali lakuti mwambo uli ndi maonekedwe, tanthauzo ndi malo ake, ndipo wodziŵa maonekedwe okha sanaudziŵe mwambowo.

Koma chitsanzo chomwechi chikusonyeza vuto lina. Ku Argentina, ku Chile ndi ku Cuba mwambowu unaletsedwa kalekale, m'zaka za m'ma 1800. Mu Spain momwemo nyumba ya malamulo ya ku Catalonia inauletsa mu 2010, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linafafaniza chiletsocho mu 2016. Nanga funso la mayeso lingati chiyani za tanthauzo la mwambo umene eniake akukanganirana? Chiyankhulo chili ndi mabungwe 23 amene anakhala pansi nagwirizana za zololedwa. Chikhalidwe chilibe bungwe lotero, ndipo sichingakhale nalo. Mawu akuti chikhalidwe cha anthu oyankhula Chisipanishi akuphimba mlimi wa ku Paraguay amene pakhomo amayankhula Chiguarani, chiyankhulo cha boma kumeneko kuyambira mu 1992, msodzi wa ku Galicia, ndi wogwira ntchito m'sitolo ku Los Angeles.

Akatswiri ayesa kugaŵa nkhaniyi kuti igwirike. Ndondomeko ya maphunziro ya Instituto Cervantes ya 2006 inasiyanitsa magawo atatu. Loyamba ndi la zinthu zodziŵika za maikowo: mitsinje, mizinda, mbiri, olemba mabuku ndi ojambula. Lachiŵiri ndi la zizoloŵezi za tsiku ndi tsiku: nthaŵi ya chakudya, malonje, zochita pamaliro kapena paukwati. Lachitatu ndi la luso ndi mtima wa munthu pokumana ndi zachilendo: kutha kuona kuti pachitika kusamvana, kufunsa, kudikira asanaweruze. Michael Byram, m'buku lake la 1997, anaika gawo lachitatuli patsogolo pa enawo. Tikayang'ana magawoŵa ndi maso a woyesa tiona kuti kufunika kwake ndi kuyeseka kwake zikuyenda mosemphana. Gawo loyamba limachongeka mosavuta koma limathandiza pang'ono pokhala ndi anthu. Lachitatu ndilo lofunika koposa, koma palibe funso losankha yankho limene lingalifike.

6. Mayeso a CCSE

Mayeso a CCSE ali ndi mafunso 25 oyankhidwa m'mphindi 45, ndipo wokhoza ayenera kupeza 15. Mwa mafunsowo, 15 ndi a boma, malamulo, ufulu ndi udindo wa nzika ndi kagaŵidwe ka dziko. 10 ndi a chikhalidwe, mbiri ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Ambiri ndi osankha yankho limodzi mwa atatu, ena oŵerengeka ndi ongonena ngati chiganizo nchoona kapena chonama. Chaka chilichonse Instituto Cervantes imatulutsa buku la mafunso 300 pamodzi ndi mayankho ake, ndipo mafunso a pamayeso amatengedwa m'buku lomwelo. Mafunsowo ndi a mtundu wofunsa dzina la nyumba ya malamulo, likulu la chigawo chakutichakuti, mlembi wa buku lotchuka, kapena nambala yoimbira pangozi. Satifiketi yake imagwira ntchito zaka 4.

Tiyenera kunena poyamba ubwino wake. Chisanafike chaka cha 2015, woweruza wa ofesi ya kaundula ndiye ankacheza ndi wopempha unzika nkugamula ngati wazoloŵerana mokwanira ndi anthu a m'dzikomo. Mafunso ankasiyana malinga ndi ofesi, ndipo madandaulo anali ambiri. Mayeso a CCSE anathetsa zimenezo: aliyense amadziŵiratu zimene adzafunsidwe, ndipo yankho limachongedwa mofanana ku Barcelona ndi ku Casablanca. Ndiponso zambiri mwa zimene amafunsa nzothandiza. Munthu wokhala m'dziko ayenera kudziŵa kumene angakadandaule ndi ufulu umene malamulo amampatsa.

Komabe tiyeni tiŵerengere. Popeza yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, munthu wongolota mayankho onse angayembekezere kupeza 8 kapena 9. Amene akudziŵa mayankho 10 motsimikiza, nalota 15 otsalawo, angayembekezere kuwonjezera 5, ndipo wafika kale pamalire. Amene waloŵeza buku lonse la mafunso 300 angathe kukhoza onse 25 asanaloŵepo m'nyumba ya munthu wa ku Spain. Chimene mayesoŵa akutsimikiza nchakuti munthuyo anaŵerenga bukulo. Dzina lake lenilenilo likunena zoona, pakuti liwu loyamba ndi conocimientos, zodziŵa. Vuto likubuka pamene lamulo likutenga satifiketiyo monga umboni wa kuzoloŵerana ndi anthu, chimene chili cha gawo lachiŵiri ndi lachitatu la magawo tatchula aja. Sikelo ya pamsika wa fodya imanena zoona za kulemera kwa belo, koma mtundu wa tsamba amauona ndi maso. Woŵerenga mtundu pasikelo walakwa yekha, sikeloyo sinanama.

Pali vuto linanso. Mayeso a CCSE amalembedwa m'Chisipanishi cha ku Spain, ndipo amafuna kuti munthu aŵerenge. Mayi amene wakhala zaka 20 m'tauni ya ku Andalusia, wogulitsa pamsika, wodziŵa maliro ndi maukwati a anansi ake, koma amene sanapite kusukulu kwawo, angathe kulephera pa chifukwa chosakhudza konse chikhalidwe. Boma linaliona vutoli, ndipo unduna wa zachilungamo umatha kukhululukira osadziŵa kuŵerenga ndi kulemba kapena kulola kuti ayesedwe mwa njira ina. Chikhululukirocho nchoyenera, koma chikutsimikiza mfundo yathu, kuti pepalalo likuyesa zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi.

7. Amene mtolowu umawagwera

Malamulo a Spain sapatsa alendo onse mtolo wofanana. Mlendo wamba ayenera kukhala m'dzikomo zaka 10 asanapemphe unzika. Wothaŵa kwawo zaka 5. Wochokera ku maiko a ku America oyankhula Chisipanishi kapena Chipwitikizi, ku Portugal, ku Andorra, ku Philippines kapena ku Equatorial Guinea zaka 2 zokha. Nzika za maiko amene Chisipanishi ndi chiyankhulo cha boma sizilemba DELE, koma zimalemba CCSE. Chotero wa ku Colombia amadikira zaka 2 nkulemba mayeso amodzi. Wa ku Brazil amadikira zaka 2 nkulemba aŵiri. Wa ku Morocco, kumene kwachokera gulu lalikulu koposa la olandira unzika m'zaka zaposachedwapa, amadikira zaka 10 nkulemba aŵiri.

Dongosololi likuvumbula zinthu ziŵiri zofunika kwa okonza ndondomeko. Choyamba, kukhululukira DELE kumatsata chiphaso cha dziko, sikutsata luso la munthu. Dziko la Bolivia linavomereza mu 2009 ziyankhulo 36 za eni nthaka kukhala za boma pamodzi ndi Chisipanishi, ndipo nzika yake imene Chisipanishi ndi chiyankhulo chake chachiŵiri siyesedwa konse. Chachiŵiri, gawo 3 la malamulo oyendetsera dziko la Spain a 1978 limapatsa nzika zonse udindo wodziŵa Chisipanishi, pamene Chikatalani, Chigalisiya ndi Chibasiki ndi za boma m'zigawo zake zokha. Mlendo wokhala ku Girona, amene amagwira ntchito ndi kucheza m'Chikatalani tsiku ndi tsiku, sangapereke luso limenelo m'malo mwa DELE, ngakhale kuti ndi umboni wamphamvu wa kuzoloŵerana ndi anansi ake kuposa mafunso 25 aja.

8. Kumene chikhalidwe chimayeseka

Kodi tinene kuti chikhalidwe sichiyeseka nkomwe? Ayi. Mbali yake yaikulu imaonekera munthu akatsegula pakamwa, ndipo oyesa chiyankhulo amaichonga kale. Chitsanzo chapafupi ndi kusankha pakati pa tú, vos ndi usted. Oŵerenga athu sadzavutika kuimva nkhaniyi, pakuti iwe ndi inu zimagwira ntchito yofanana, ndipo mwana amene wati iwe kwa apongozi sanalakwitse galamala koma walakwa koposa. Buku la ophunzira limati usted ndi waulemu ndipo tú ndi wa pachinansi. Zoona zake nzakuti malire amasuntha malinga ndi dziko. Ku Spain ophunzira a payunivesite ambiri amati tú kwa mphunzitsi wawo, chimene m'madera ambiri a ku America chingamveke ngati chipongwe. Ku Costa Rica ndi m'madera ena a ku Colombia usted amagwiritsidwa ntchito ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake kapena kwa mwana wamng'ono.

Funso losankha yankho silingayese zimenezi, chifukwa yankho lolondola limadalira malo. Koma ntchito yopatsidwa malo ake ingathe: woyesedwa auzidwe kuti alembere kalata mwini nyumba wachikulire ku Bogotá kupempha kuti amdikire lendi, kapena akane mwaulemu chakudya chimene mnansi wamkonzera. Wochonga aone ngati wasankha mloŵam'malo woyenera naugwiritsa mosasintha, ngati wayamba ndi malonje, ngati wafeŵetsa pempho lake kapena walamula. Apa chidziŵitso cha chikhalidwe chikuoneka chikugwira ntchito, ndipo sichingaloŵezedwe usiku umodzi. Mtengo wake ngwakuti pamafunika ochonga ophunzitsidwa bwino, odziŵa zizoloŵezi za madera angapo, ndipo ameneŵa amadya nthaŵi ndi ndalama kuposa makina ochongera mapepala.

Gawo lachitatu lija, la mtima wa munthu pokumana ndi zachilendo, tikuona kuti nkwabwino lisiyidwe m'kalasi, kumene mphunzitsi amaona wophunzira kwa miyezi. Boma limene lingayambe kupereka malikisi pa mtima wa munthu monga khomo la unzika lingabwerere ku mavuto a woweruza wa kaundula uja.

9. Mawu otsiriza

Kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo, nkhani ya Chisipanishi ikupereka malangizo anayi. Loyamba, chiyankhulo cha maiko angapo chiyesedwe motsata lamulo lakuti woyesedwa agwiritse kayankhulidwe kamodzi kovomerezeka mosasinthasintha, koma asonyeze kuti amamva kayankhulidwe ka ena. Lachiŵiri, maiko onse a eni chiyankhulo akhale nawo pokonza mayeso, monga zinachitikira ndi SIELE, pakuti satifiketi yochokera ku likulu limodzi imakayikiridwa ndi enawo. Lachitatu, mayeso a zinthu zodziŵika za dziko atchulidwe ndi dzina lake lenileni, ndipo lamulo lisawasenzetse tanthauzo limene sangalinyamule. Lachinayi, ulemu, malonje ndi kusankha mawu oyenera munthu ziikidwe m'ndondomeko yochongera mayeso olemba ndi oyankhula, ndipo zipatsidwe malikisi ooneka.

Malangizo aŵiri oyambawo akutikhudza mwachindunji. Chiyankhulo chimene tikulembamo pepala lino chinatchedwa Chicheŵa m'Malaŵi mu 1968, pamene ku Zambia ndi m'zigawo za Tete ndi Niassa ku Mozambique dzina la Chinyanja likugwirabe ntchito. Ku Zambia amalemba c pamene ife timalemba ch. Tsiku limene padzafunike satifiketi imodzi ya womasulira m'khoti, wa m'chipatala kapena mlendo wodzagwira ntchito m'maiko ameneŵa, funso loyamba lidzakhala lomwe lija la tienes ndi tenés. Oyesa Chisipanishi analiyankha pambuyo pa zaka zambiri za kukangana, ndipo yankho lawo lili poyera kuti tiliphunzire tisanayambe kukonza pepala loyamba.